Dzina la njinga yamoto lili pachitsulo, osati pathanki

Pamagalaja a ku Biwi ndi Mchesi mu Lilongwe, ku Ndirande ndi Limbe mu Blantyre, ngakhalenso pamisika ya m'maboma, sipalephera kupezeka njinga yamoto yakale itatsamira khoma, mwini wake akudikira wogula. Thanki yake imakhala ikunyezimira penti watsopano, ndipo m'mbali amakhala atamatamo dzina lalikulu: Yamaha, Honda kapena Suzuki. Wogula, amene nthawi zambiri ndi wamalonda wofuna chonyamulira tomato, usipa kapena belo la kaunjika, amaizungulira kamodzi, n'kupempha kuti ailize, kenaka n'kufunsa kuti, "Yomaliza ndi zingati, bwana?"

Funso limeneli limafulumira. Mtengo wa njinga yamoto yakale suyenera kukambidwa wogula asanadziwe kuti njingayo ndi ya mtundu wanji, inapangidwa kuti, m'zaka ziti, komanso ngati injini imene ili pamenepoyo ndi yomwe inachoka nayo kufakitale. Thanki siyankha mafunso amenewa. Thanki amasintha, penti amapopera, ndipo sitika ya dzina la Yamaha mtengo wake suposa mbale ya nsima ya pachiimirire. Dzina lenileni la njinga linadindidwa pachitsulo cha felemu ndi cha injini, ndipo kuliwerenga kumangofuna tochi, kansanza ndi mphindi khumi.

Nkhaniyi yafika pofunika tsopano chifukwa msika wa njinga zakale wadzuka. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njinga zatsopano ndi masipeya ake zinakwera mtengo, pomwe ntchito ya kabaza ndi yonyamula katundu ikukulirakulira. Anthu ayamba kutulutsa njinga zimene zinagona m'makhonde ndi m'mashedi, zomwe akuluakulu ankazitcha mthuthuthu. Zambiri mwa izo zinalowa m'dziko muno kudzera m'boma ndi m'mabungwe, zoyendera alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi a zachitukuko, kenaka n'kugulitsidwa zitakalamba. Zina zidakali ndi moyo wautali. Zina ndi mafupa okhaokha ovekedwa malaya atsopano.

Posadziwa kusiyanitsa, amaluza ndi anthu atatu. Wogula amalipira mtengo wa njinga ya ku Japan n'kutenga injini ina. Wogulitsa masipeya amapikula katundu wosalowa, n'kumuunjika pashelefu. Ndipo mwini njinga yeniyeni yakale amaigulitsa pasikelo ngati zitsulo zakutha, chikhalirecho kabuleta yake yokha ikanamupatsa ndalama yoposa imeneyo.

Poyambira ndi utsi

Chinthu choyamba kudziwa n'chakuti injiniyo ndi ya two-stroke kapena four-stroke, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona mtengo woyendetsera njinga tsiku ndi tsiku.

Injini ya two-stroke imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo. Imalira mopyapyala ndi mothamanga, ndipo imatulutsa kautsi kabuluu makamaka m'mawa. Mutu wake, umene amakaniko amati hedi, ndi waufupi, wopanda mavalavu, ndipo pulagi imakhala pamwamba penipeni. Ekizozi yake imakhala yotupa chapakati ngati njoka yomeza chule. Pansi pa chishalo kapena kuseri kwa kava ya m'mbali pamapezeka kathanki ka oyilo wa 2T, kamene kamatumiza oyilo kuinjini kudzera papampu. Yamaha inayamba kuika pampu imeneyi m'chaka cha 1964 ndipo imaitcha Autolube, pomwe Suzuki imaitcha CCI. Panjinga zambiri zakale pampuyi inafa kapena anaichotsa, ndipo mwini wake amangothira oyilo m'thanki la petulo. Wogula ayenera kufunsa zimenezi asananyamuke, popeza kuyendetsa two-stroke ndi petulo yekha kumagwiritsa pisitoni asanafike patali.

Injini ya four-stroke ili ndi hedi yaitali yokhala ndi chivundikiro cha mavalavu, pulagi imalowera chammbali, ndipo oyilo amakhala m'munsi mwa injini momwe muli kopimira. Kulira kwake n'kolemera. Ikamatulutsa utsi wabuluu, ndiye kuti maringi kapena masilo a mavalavu atha. Utsi womwewo umene ndi chibadwa panjinga ina, panjinga inzake ndi ngongole ya kwa makaniko. Wogulitsa akanena kuti "za ku Japan zimatero," wogula ayang'ane hedi asanavomere.

Nkhope za njinga zodziwika

Yamaha DT ndiyo imadziwika kwambiri m'misewu yafumbi. Mtundu umenewu unayamba m'chaka cha 1968 ndi DT-1 ya 250cc, ndipo DT125 ndi DT175 zinatsatira m'zaka za m'ma 1970. Zonse ndi za two-stroke, zazitali, madigadi wakutsogolo ali m'mwamba, ekizozi yokwera chakuchishalo, ndipo zambiri gudumu lakutsogolo ndi la mainchesi 21 pomwe lakumbuyo ndi la 18. Zoyambirira zinali ndi mashoku awiri kumbuyo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera za shoku imodzi yobisala pansi pa thanki ndi chishalo, imene Yamaha imaitcha Monocross. Choncho DT ya mashoku awiri ndi yakale kuposa ya shoku imodzi. DT125 ndi DT175 zimafanana ngati mapasa, koma pisitoni ya yoyambayo ndi ya mamilimita 56 ndipo ya inayo ndi ya 66. Kukula kwa injini kunaumbidwa m'munsi mwa silinda: 123 pa DT125 ndi 171 pa DT175. Nambala imeneyo ndiyo yoyenera kukhulupirira kuposa sitika ya pakava.

Yamaha AG inapangidwira alimi a ziweto a ku Australia. AG100 inatuluka m'chaka cha 1973 ndipo ndi ya two-stroke ya 97cc, pomwe AG200, imene inabwera m'zaka za m'ma 1980, ndi ya four-stroke ya 196cc. Zizindikiro zake sizisowa: tcheni chotsekeredwa m'bokosi, masitandi awiri, wina kumanzere wina kumanja, kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zotchinjiriza manja pamahandulo, ndi kachitsulo kokolera kalachi. Magiya ake oyamba ndi amphamvu koma osathamanga, n'chifukwa chake imakwera zitunda ndi thumba la chimanga osadandaula. AG yakale ikhoza kukhala itataya bokosi la tcheni kapena sitandi imodzi, koma timakutu tomangirapo zinthu zimenezi timatsalira pafelemu. Njinga yolembedwa AG koma yopanda timakutu timeneti ndi yofunika kuifunsa mafunso ambiri.

Suzuki nayo ili ndi TF125, njinga ya kumunda yofanana ntchito ndi AG100, komanso TS125 ndi TS185 zomwe zinkapikisana ndi DT. Zonsezi ndi za two-stroke. Kawasaki KE100 imasokoneza ambiri chifukwa kuseri kwa silinda kulibe kabuleta. Kabuleta yake inabisidwa m'kava ya kumanja kwa injini, ndipo wosadziwa amayesa kuti inachotsedwa.

Kumbali ya Honda, banja lalikulu ndi la Super Cub, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1958 ndipo pofika 2017 zinali zitapangidwa zoposa 100 miliyoni. C50, C70 ndi C90 zimadziwika ndi injini yogona, mutu wake utaloza gudumu lakutsogolo, felemu yotsika pakati, magudumu a mainchesi 17, komanso kusowa kwa kalachi ya pamanja. CT110 ndi m'bale wake wa m'tchire. Inatuluka m'chaka cha 1980 ndi injini yogona ya 105cc, ekizozi yokwera, kaliyala wamkulu kumbuyo ndi polowera mpweya pali m'mwamba kuti iwoloke madzi. Ku Australia inatchuka poyendera anthu ogawa makalata.

Honda CG125 inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo inapangidwa dala kuti ipirire m'maiko momwe njinga imasenzetsedwa katundu wambiri, oyilo osasinthidwa m'nthawi yake. Mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo tochokera m'munsi mwa injini, ndipo hedi yake imatsekedwa ndi chivundikiro chimodzi chachikulu. Honda XL125, yomwe ndi ya m'fumbi, imayendetsa mavalavu ndi katcheni ka m'kati. Hedi yake ili ndi kava m'mbali ndi tizivundikiro tiwiri tozungulira tochunira mavalavu. Zonse ndi za 125cc, zonse ndi Honda, koma masipeya a kumutu sabwerekana.

Kuwerenga nambala

Nkhope imanamiza, chifukwa ziwalo zimasinthidwa. Umboni wolimba ndi nambala ziwiri. Ya felemu, imene ambiri amati nambala ya chasisi, panjinga zambiri imakhala pakhosi, pamene mafoloko amalumikizana ndi mahandulo. Pa Cub imakhala m'mbali mwa felemu. Ya injini imakhala pabokosi la injini, pa Honda zambiri kumanzere chakumunsi pafupi ndi chopondera magiya, pa Yamaha zambiri pamwamba pa bokosilo kuseri kwa silinda. Malo onsewa amadzaza girisi ndi fumbi, n'chifukwa chake kansanza ndi palafini pang'ono n'zofunika.

Njinga zakale kwambiri zili ndi nambala zazifupi. Honda inkayamba ndi dzina la njingayo, monga C70 kapena CG125, kenaka kamzere ndi manambala. Painjini inkawonjezera chilembo E, monga C70E kapena CG125E. Pa Honda manambala otsatirawo safanana pakati pa felemu ndi injini, ndipo imeneyo si nkhani yodetsa nkhawa. Chofunika n'chakuti zilembo zoyambirira zigwirizane. Yamaha inkayamba ndi zilembo ndi manambala atatu osonyeza mtundu wa njinga, ndipo panjinga zake zakale nambala ya felemu ndi ya injini zinkakhala zofanana. DT yakale imene nambala zake ziwiri zasiyana ndiye kuti inalandira injini ya inzake.

Kuyambira m'chaka cha 1981, makampani anayamba kutsatira nambala ya zilembo 17. Chilembo choyamba chimasonyeza dziko. J ndi Japan, L ndi China. Zoyamba ndi JH2 ndi Honda ya ku Japan, JYA ndi Yamaha, JS1 ndi Suzuki, JKA ndi Kawasaki. MD2 ndi Bajaj ndipo MD6 ndi TVS, zonse za ku India, pomwe 9C2 ndi Honda yopangidwa ku Brazil. M'nambala imeneyi simupezeka zilembo I, O ndi Q, kuopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0. Wina akapeza O pakati pa nambala ya zilembo 17, adziwe kuti anadinda ndi munthu wa nyundo kuseri kwa galaja.

Panjinga zambiri chilembo cha nambala 10 chimasonyeza chaka. B ndi 1981, L ndi 1990, Y ndi 2000, ndipo kuyambira 2001 mpaka 2009 pamakhala manambala 1 mpaka 9. Kuyambira 2010 zilembo zinayambiranso pa A. Motero B akhoza kukhala 1981 kapena 2011, ndipo maonekedwe a njinga ndiwo amathetsa mkanganowo.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Choyamba, njinga zina zopita kumisika ya ku Africa ndi ku Asia zinapitiriza kukhala ndi nambala zazifupi patapita zaka zambiri chidutsireni 1981, choncho nambala yaifupi payokha si chizindikiro cha chinyengo. Chachiwiri, Honda, Yamaha ndi Suzuki zilinso ndi mafakitale ku China ndi ku India. Njinga yoyamba ndi L ikhoza kukhala Honda yeniyeni. Chimene singakhale ndi Honda ya ku Japan ya m'zaka za m'ma 1980, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani.

Injini za ku China zimadziulula zokha

Injini za CG125 ndi za Super Cub ndizo zinakoperedwa kwambiri ndi mafakitale a ku China, ndipo zimalowa m'mafelemu akale a Honda mosavuta kwenikweni. Apa ndi pamene ogula ambiri amapunthwa. Koma injini zimenezi zili ndi kalembedwe kakekake ka nambala, monga 156FMI, 157FMI, 162FMJ kapena 1P52FMH. Nambala 1 yoyambirira ikutanthauza silinda imodzi. P akakhalapo ndiye kuti injini ndi yogona. Manambala awiri otsatira ndi kukula kwa pisitoni m'mamilimita, F ndi injini yozizira ndi mphepo, M ndi ya njinga yamoto, ndipo chilembo chomaliza ndi kukula kwa injini: G ndi 100cc, H ndi 110cc, I ndi 125cc, J ndi 150cc, L ndi 200cc. Injini yolembedwa 157FMI ndi ya ku China ya 125cc, ngakhale pakava yake patalembedwa Honda, ndiponso ngakhale pathanki patalembedwa 150.

Izi sizikutanthauza kuti injini ya ku China ndi yoipa. Ndi imene ikudyetsa mabanja ambiri a akabaza m'dziko muno, masipeya ake ali pamsika uliwonse, ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Felemu yolimba ya Honda yokhala ndi injini yatsopano ya ku China ikhoza kukhala njinga yabwino kwa wamalonda. Cholakwika n'kuigula pamtengo wa chinthu chimene iyo si chimenecho. Wogula akadziwa zoona, amalipira mtengo woyenera ndipo amadziwa sipeya yoti afunse ikawonongeka.

Mboni zing'onozing'ono

Nambala ikafufutika ndi dzimbiri, ziwalo zina zimaperekera umboni. Honda zakale zimakhala ndi kabuleta ya Keihin, pomwe Yamaha ndi Suzuki zambiri zimakhala ndi ya Mikuni, ndipo dzinalo limakhala loumbidwira m'chitsulo. Pagalasi la nyale pamapezeka dzina la Stanley kapena Koito, pawotchi ya liwiro Nippon Seiki, pamalimu D.I.D kapena Takasago. Masikuluwu ambiri a njinga za ku Japan ali ndi kadontho pamutu. Chimodzi mwa izi pachokha sichitsimikiza kanthu, koma zikapezeka zinayi kapena zisanu, njingayo sinasokonezedwe kwambiri.

Magetsi nawo amanena zaka. Njinga zambiri za m'zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa 1980 ndi za mavoti 6 ndipo moto wa kupulagi umachokera ku mapointi. Zam'mbuyo mwake zambiri ndi za mavoti 12 ndipo zili ndi kabokosi ka CDI. Batire kapena babu zimaonetsa msanga mbali imene njingayo ili.

Matayala sanena zaka za njinga, koma amanena zaka zimene yakhala chigonere. Pamatayala ambiri pali manambala anayi m'kabwalo kowulungika. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2315 ndi sabata ya 23 ya 2015. Akakhala manambala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000. Njinga imene wogulitsa akuti "imayenda tsiku lililonse" koma matayala ake ndi otero, yangodzutsidwa kumene, ndipo pamtengo pake pachotsedwe ndalama ya matayala, machubu, batire ndi masilo.

Nambala yokhudzidwa ndi mlandu

Kuwerenga nambala kumatetezanso ku chinthu choopsa kuposa kuluza ndalama. Njinga zamoto zimabedwa kwambiri, ndipo zina zimalowa m'dziko muno kudzera m'njira zachidule za m'malire osalipira msonkho ku MRA. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akalanda njinga, ndalama ya wogula yapita pomwe wogulitsa wasintha kale nambala ya foni.

Nambala ya kufakitale imakhala pamzere umodzi, zilembo zake zofanana kukula ndi kuzama. Yosinthidwa imakhala yokwera ndi yotsika, pamalo pake pamaoneka mikwingwirima ya galainda, kapena pamakhala penti wokhuthala kuposa pena ponse. Kuwotcherera kozungulira khosi la felemu n'chizindikiro china choipa, kaya ndi cha ngozi kaya cha kusintha nambala. Kuunika ndi tochi chammbali kumaonetsa zonsezi bwino kuposa kuunika molunjika. Kuika pepala pamwamba n'kupaka pensulo kumatulutsa nambala yooneka bwino yoti n'kusunga.

Nambala zimenezi zifanane ndi zolembedwa m'blue book, chilembo ndi chilembo. Njinga yogulidwa pa okushoni ya boma kapena ya bungwe ikhale ndi lisiti ndi kalata yake. Pogulitsana palembedwe kalata yokhala ndi nambala zonse ziwiri, nambala za ziphaso za unzika za onse awiri ndi mboni, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic msanga. Wogulitsa wokana kupita nawo kupolisi kapena ku Road Traffic kukatsimikiza nambala wayankha kale funso limene wogula anali nalo.

Oti bola ikuyenda

Alipo amene amati zonsezi n'zotayitsa nthawi. Kwa iwo, wamalonda safuna mbiri ya njinga koma kuti katundu afike pamsika, ndiye bola ikuyenda. Mawu amenewa ali ndi mbali yoona. Ukale pawokha si ubwino. Two-stroke imamwa petulo kuposa four-stroke yofanana nayo kukula, n'kuwonjezapo oyilo wa 2T, ndipo kwa wakabaza wa m'tauni woyenda tsiku lonse kusiyana kumeneku kumadya phindu. Mabuleki a njinga zakale ndi ofooka, nyale za mavoti 6 siziunika patali, ndipo masipeya a njinga ngati KE100 kapena TS185 angathe kuimitsa ntchito milungu ingapo akufunidwa. Pali anthu amene njinga yatsopano ya ku India kapena ku China ndiyo yowayenera.

Komatu chiganizo chimenecho chimafuna kuti munthu adziwe chimene akuchikana. Wa mumsewu wa tala angasiye DT n'kutenga Boxer, ndipo wachita bwino. Wokagula mbatata kumapiri a ku Dedza ndi Ntcheu nthawi ya dzinja angapeze kuti AG200 yakale yosamalidwa imafika kumene njinga yatsopano ya m'tauni imabwerera panjira. Onse awiriwa asankha atadziwa. Amene amati bola ikuyenda amadzadziwa dzina la njinga yake tsiku limene yaima, makaniko atamasula injini, sipeya imene wagula itakana kulowa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa ogulitsa masipeya

Pashopu ya masipeya, kasitomala akafika amangoti, "Ndikufuna pisitoni ya 125." Wogulitsa wochenjera samathamangira kushelefu. Pisitoni ya DT125 ndi ya mamilimita 56 ndipo ya CG125 ndi ya 56.5. Pamaso zimayandikana, koma ya two-stroke ili ndi maringi awiri ndi timisomali toletsa maringiwo kuzungulira, pomwe ya four-stroke ili ndi mizere itatu, wachitatu wa ringi ya oyilo. Kuwonjeza apo, injini yakale nthawi zambiri inaboledwapo kale, ndipo pamutu pa pisitoni yakaleyo pamakhala 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00. Kugulitsa ya sitandadi pamene pakufunika ya 0.50 n'kuitana mkangano.

Mapulagi nawo amasiyana mazinga. Ya Cub ndi ya mamilimita 10, ya CG125 ndi ya 12, ya DT ndi ya 14. Tcheni cha Cub kawirikawiri ndi 420, cha CG125 ndi DT ndi 428. Babu ya mavoti 12 panjinga ya mavoti 6 imangoyaka ngati chikonga, ndipo ya 6 pa 12 imapsa nthawi yomweyo.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Kasitomala atumize pa WhatsApp chithunzi cha nambala ya injini, kapena abweretse chiwalo chakufacho. Pashopu pakhale chopimira cha vernier ndi kope lolembamo zilembo zoyambirira za nambala za njinga za makasitomala pamodzi ndi sipeya imene inalowa. Pakatha chaka, kope limenelo limauza mwini shopu katundu woyenera kupikula ndi woyenera kusiya, ndipo mpamba sugona pashelefu.

Kwa amene ali nayo pakhonde

Mwini njinga yakale asathamangire kwa ogula zitsulo zakutha kapena kwa wopopera penti. Aipukute, awerenge nambala, afunefune mapepala ake. Njinga ya ku Japan yokhala ndi injini yake, kabuleta yake ndi blue book imagulidwa bwino ikakhala ndi penti wake wakale wosuluka kusiyana ndi ikapakidwa watsopano, chifukwa wogula wodziwa akaona penti watsopano amayamba kufufuza chimene chabisidwa. Ngakhale njinga yoti singadzukenso ili ndi malonda. Bokosi la injini, magiya, mahabu, mafoloko ndi thanki yopanda dzimbiri zimafunidwa ndi amakaniko amene akusamalira zinzake zomwe zikuyendabe, ndipo zimagulitsidwa chimodzichimodzi, ndi dzina la njinga yake.

Wopita kukaona njinga sabata ino atenge tochi, kansanza, pensulo, pepala ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Apemphe kuti aipeze injini ili yozizira, kuti aone mmene imalirira m'mawa. Awerenge nambala ya pakhosi, awerenge ya painjini, aziyerekeze ndi za m'blue book. Zitatu zimenezi zikagwirizana, apo ndiye afunse kuti yomaliza ndi zingati.